Khadi Lachiwiri pa Kompyuta ya Kopaleti

Mphezi itapsereza khadi la netiweki mu kompyuta ya kopaleti yathu ku Vubwi, mayina a alimi ofuna mbewu anali asanatumizidwe. Tsiku lomaliza linali lomwelo. Dzina la amayi anga linalinso momwemo.

A Webby, apampando athu, anafika ndi khadi latsopano kuchokera ku Katete dzuwa litapendeka.

"Nelia, iwe unkayenda ndi malemu a Felix. Utha, kapena unkangowanyamulira chikwama?"

Ndinangoyang'ana pansi. Anaseka, nandisiyira mtedza wokazinga m'kapepala.

A Felix ndiwo ankakonza makompyuta kuno. Anandiphunzitsa kuti kompyuta ikayaka imafunsa khadi lililonse kuti ndi ndani, khadi n'kuyankha ndi nambala yake. Kapulogalamu koyendetsa khadi, komwe timati dalaiva, kakapanda kuipeza nambalayo pa mndandanda wake, khadi limangokhala duu. Nambala zonse ankazilemba m'kope lofiira, lomwe anandisiyira. Ndipo asanatsegule kompyuta, ankaigogoda kawiri ndi chala, amvekere, "Odi m'nyumba."

Ndinalowetsa khadi, kutseka, kuyatsa. Sikirini inati chipangizo chosadziwika. Nambala yake m'kope munalibe. Ndinayesa katatu. Kunja kunada, batire la sola likutsika.

Kenako, go, go.

Osati pachitseko. Pachitsulo cha kompyuta, pafupi ndi bondo langa.

Ndinadzutsa maso. Pa sikirini makhadi anali awiri.

Ine ndinalowetsa limodzi. Koma nambala ya lachiwirilo ndinaidziwa. Linali khadi lakale lomwe a Felix ankayenda nalo m'thumba la shati. Akazi awo, a Kettie, analiika m'bokosi la maliro ine ndikuona.

Mtima unati thawa. Koma ndikathawa, amayi akabzala chiyani? Ndinatsegula kope, kufunafuna nambala ija. Pansi pake panali mawu a pensulo omwe ndinali ndisanawawerengepo: "Makhadi a banja ili amamvera dalaiva mmodzi. Ingomuuzani nambala."

Ndinatsegulanso kompyuta n'kuwalitsa tochi ya foni pa khadi latsopano. Chizindikiro cha pa kachipu, kachidutswa kakuda komatidwa pa khadilo, chinali chimodzimodzi ndi chomwe a Felix anajambula m'kope. Ndinatsegula mndandanda wa dalaiva wakale, ndikuwonjezerapo nambala yatsopano, chilembo chimodzichimodzi. Kumbuyo kwanga kumazizira ngati wina wasiya zenera lotsegula. Sindinacheuke.

Ndinayatsanso. Kagetsi kobiriwira kanaphethira. Mayina onse anapita, la amayi lili pakati.

"Zikomo, a Felix," ndinanong'ona.

Pa sikirini panatsala khadi limodzi.

M'mawa a Webby anandigwira chanza ndi manja awiri.

"Kuyambira lero ndinu aNelia. Chikwama tizikunyamulirani ife."

Nditasuzumira m'kati mwa kompyuta, fumbi linali paliponse, koma pamalo olowetsa khadi lachiwiri panali poyera ngati papukutidwa. Alonda a pasitolo akuti anaona mithunzi iwiri pazenera. A Kettie atamva, anangopukusa mutu.

"Bambo aja ndi mmene analili. Ntchito isanathe, kunyumba sankabwera."

Pamsika anthu amanong'onezana kuti mayina aja anatumiza ndi malemu. Sindiwatsutsa, ndilibe pakamwa potero. Koma a Felix anangogogoda. Nambala ndinalemba ndine.