Tosaoneka ta M'mapale

Jhinuk anali ndi nsomba imodzi. Dzina lake linali Potol. Potol anali wofiira psuu. Ankakhala m'thanki ya galasi, pafupi ndi zenera.

Abambo a Jhinuk ankagwira ntchito kutali, ku Siliguri. Pochoka anati, "Umusamale Potol." Jhinuk ankafuna chimenechi basi. Ankafuna kumusamala Potol.

Pambali pa thanki panali kabokosi kosefera madzi. Madzi ankalowa. Madzi ankatuluka. M'kabokosimo munali mapale a timakapu tadothi, tija timamwera tiyi pamsewu. Abambo ndiwo anaikamo. Mapalewo anali akuda. Anali oterera. Kunena zoona, anali onyansa.

Chikondwerero cha nyali chinayandikira. Ku Kolkata kuno, nthawi imeneyi nyumba iliyonse imakwechedwa. Koma panalibe wokwecha ngati Azakhali Mithu. Iwo akagwira tsache, ngakhale mphaka ankathawa.

Anakwecha mapoto. Anakwecha mazenera. Anakwecha kunsi kwa bedi. Jhinuk ali kusukulu, anatsegula kabokosi kaja.

"Mayo ine! Uve wanji umenewu?"

Anataya mapale onse. Anatsuka kabokosi ndi sopo. Anaikamo timiyala tagalasi, tosalala, tonyezimira.

"Taona kukongola kwake," anatero Azakhali, Jhinuk atabwera.

"N'tokongoladi!" anatero Jhinuk. Nayenso anasangalala.

Sipanapite nthawi, madzi anayamba kusintha. Anachita ngati muli utsi. Kenaka anayera mbee, ngati chifunga. Potol sankaonekanso.

Jhinuk anagunditsa mphuno pagalasi.

"Potol?"

Zii.

"Potol, uli kuti?"

Diso limodzi linatulukira m'chifungamo. Linamuyang'ana. Linazimiririkanso.

Potol anasiya kudya. Ankangokhala pamwamba pa madzi. Ankatsegula kukamwa. Ankatseka. Ankatsegula. Ankatseka. Jhinuk anachita mantha kwambiri. Anaimbira foni Abambo.

"Ababa, Potol akufa!"

Anawafotokozera zonse.

"Mapale aja atayidwa?" anafunsa Abambo. "Iii, mwanangu. Munali eni ake mmenemo."

"Eni ake? Ndani?"

"Tosaoneka. Ndi tizilombo tating'ono kwambiri. Timadya zoipa za m'madzi. Tikachoka, madzi amadwalitsa nsomba."

"Nanga ndikatipeze kuti, Ababa?"

"Timakhala m'thanki yakale. Kwera pamwamba. Ukapemphe kwa Agogo Renuka."

Agogo Renuka ankakhala okha, pamwamba penipeni pa nyumba yosanja imene Jhinuk ankakhalamo. Mazenera awo sankatsegulidwa. Nyali yawo sinkayaka. Kuseri kwa chitseko chawo kunkamveka kubwata.

Bwatu, bwatu, bwatu.

Ana ankati ndi mphika wosaphulidwa. Zimene zinali mumphikamo, palibe ankafuna kudziwa.

Ndiponso limeneli linali tsiku la mizimu. Ndi tsiku limene akufa amadzayendera nyumba zawo. Azakhali anali kukonza nyali khumi ndi zinayi zadothi.

"Lero mwana sayendayenda," anatero. "Ukhale pompano, ndizikuona."

Jhinuk anayang'ana thanki. Potol anali atagonera mbali imodzi.

Azakhali analowa kukhitchini. Jhinuk anatenga botolo la kukamwa kwakukulu. Anatuluka mwakachetechete.

Masitepe anali amdima. Jhinuk anakwera. Mapazi ake ankamveka kawiri, ngati wina akumutsatira. Anacheuka. Panalibe munthu.

Bwatu, bwatu, bwatu.

Anakweranso. Khoma linali lozizira. Kubwata kuja kunkakulirakulira.

Bwatu, bwatu, bwatu.

"Odi," anatero Jhinuk. Mawu ake anali aang'ono ngati a mbewa.

Chitseko chinati kwiii.

"Lowa," anatero mawu m'katimo. "Mapazi ako ndawamva kalekale."

M'chipindamo munali bii. Munkanunkhira dothi la mvula. Kukhoma kunali thanki yaikulu kuposa bedi. M'katimo munkayenda zithunzithunzi zazitali, pang'onopang'ono. Kubwata kuja kunkachokera kumeneko. Sunali mphika ayi.

Agogo Renuka anali pampando. Anatembenuka. Maso awo anali oyera ngati madzi a Potol.

"Ndiwe wa yani?"

"Ndine Jhinuk, Agogo. Mwana wa a Tapan."

"Ana sabwera kuno. Ukufuna chiyani?"

Jhinuk anagwiritsa botolo lija. "Ndikufuna tosaoneka."

Agogo anaseka mpaka kutsokomola.

"Wina wakwecha, eti? Ndi Mithu ameneyo. Tsache lake limamveka mpaka kuno."

Anaimirira. Anapapasa khoma. Anavundukula bokosi la kuseri kwa thanki. Madzi a m'bokosimo anali akuda bii.

"Pisa dzanja. Usankhe wekha."

"Sindikuonamo, Agogo."

"Nanenso sindiona. Pisa."

Jhinuk anatseka maso. Anapisa dzanja. Madzi anali ozizira. Kanthu kanamukhudza chala. Anafuna kukuwa, koma sanakuwe.

"Wagwira chiyani?" anafunsa Agogo.

"Kamwala. N'kosalala."

"Kasiye. Posalala palibe pobisala. Tosaoneka sitikonda pamenepo."

Jhinuk anapisanso. Anapisa mpaka m'chigongono.

"Ichi n'chokhakhala. Chili ndi timaenje. Iii, Agogo, chikuterera!"

"Chimenecho! M'timaenjemo ndi m'nyumba zawo."

Jhinuk anachitulutsa. Linali phale la kapu ya tiyi. Linali lakuda. Linali loterera. Anatenga lina. Anatenganso lina. Botolo linadzaza. Agogo anathiramo madzi a m'thanki yawo.

"Mapalewa asaume," anatero. "Usawatsuke pampopi. Uchotseko madzi ena kwa nsomba yako. Uthiremo amene agonera m'ndowa. Wamva?"

"Ndamva, Agogo. Zikomo."

"Zikomo udzanena mawa. Thamanga."

Jhinuk anatsika. Anagwira botolo ndi manja onse awiri. Sanacheuke.

Pakhomo panali Azakhali, tsache lili m'manja.

"Iwe! Unali kuti? Nanga icho n'chiyani? Uve m'nyumba muno, lero lomwe lino?"

Jhinuk sanabise botolo.

"Azakhali, chonde. Taonani Potol."

Azakhali anayang'ana thanki. Anayang'anitsitsa. M'chifungamo munkangooneka kamchira kofiira. Sikankagwedezeka.

Azakhali anaika tsache pansi. Anatsegula okha kabokosi. Anachotsa timiyala tawo tonyezimira. Jhinuk anaikamo mapale, limodzilimodzi. Azakhali anabweretsa ndowa ya madzi ogonera. Mphuno anaikwinya ndithu.

Chikondwerero chinafika. Nyali zinayaka m'misewu yonse. Ana anaphulitsa makombola. Jhinuk sanatuluke. Anakhala pafupi ndi thanki.

M'mawa anayang'ana. Madzi anali oyerabe mbee, ngati chifunga.

M'mawa wina anayang'ana. Anaona mchira ukugwedezeka.

M'mawa winanso anayang'ana. Anaona mchira. Anaona mimba. Anaona maso awiri. Chifunga chinali chitachoka!

Jhinuk anaponya kachakudya. Potol anathamangira. Anakameza. Anafunanso kena.

"Azakhali! Azakhali! Potol wadya!"

Azakhali anabwera akuthamanga, supuni ili m'manja. Anaona Potol akuzungulira. Anapumira m'mwamba. Kenaka anawerama pa kabokosi kaja. Anayang'ana mapale akuda aja. Analankhula monong'ona.

"Pepani, inu eni ake. Sindinakuoneni."

Jhinuk anaseka mpaka misozi.

Azakhali anadzaza mbale ndi maswiti a mkaka.

"Tenga. Ukapereke pamwamba, kwa Agogo Renuka."

"Tipitire limodzi, Azakhali."

"Ine? Masitepe amdima aja?"

"Musaope," anatero Jhinuk. "Ndikugwirani dzanja."