Ndalama Yopanda Thukuta

Amene anadya nawo mpunga pa ukwati wa Paston Zuze ndi Angella ku Soche amakumbukabe kuti mkwati analira. Mwamuna wamkulu, wowotcherera zitsulo, manja okakala ndi zipsera za moto, anagwetsa misozi pamaso pa ansembe, ndipo anthu anati mtsikanayu wapata mwamuna wachikondi. Sananame. Zaka zoyamba banja lawo linali lokoma m'kanyumba ka lendi ku Chimwankhunda. Paston ankapanga mageti m'mbali mwa msewu, Angella ankagulitsa pa kauntala m'sitolo yopikulitsa ya a Tayub ku Limbe. Madzulo aliwonse Paston ankamuchingamira pa siteji n'kumulandira chikwama, amayi anzake n'kumasirira. Palibe anaganizapo kuti mwamuna wodikira mkazi pa siteji tsiku ndi tsiku amadziwanso bwino tsiku limene wachedwa.

Awiriwa ankafuna malo ku Nancholi oti amangepo nyumba yawoyawo. Anasunga ndalama kubanki zaka zitatu, koma kwacha itagwa, mwini malo anakweza mtengo mpaka ndalama yawo inangokwanira theka. Angella anakalirira kuseri kwa makatoni a sopo, ndipo kumeneko anamupeza a Kingsford, kalaliki wa sitoloyo. Anali bambo wa imvi, wofedwa mkazi, wotsimphina ndi bondo lakumanja, ndipo nyuzipepala sinkachoka m'khwapa mwawo.

"Mwananga, ndalama yogona kubanki masiku ano imadyedwa ndi chiswe," anatero a Kingsford. "Gula masheya. Sheya ndi kachigawo ka kampani. Kampani ikapindula, nawenso amakugawira."

Angella anakafotokozera mwamuna wake tsiku lomwelo, mtima uli m'mwamba.

"Juga imeneyo," Paston anayankha osatembenuka n'komwe. "Ine ndikawotcherera geti, munthu amaligwira, amaligwedeza, kenako amalipira. Iwe ukufuna kugula chinthu chosaoneka? M'nyumba mwanga ayi."

Akanakhala wina akanazisiyira pomwepo. Koma Angella anali atalawa kuwawa kotaya zaka zitatu, choncho atalandira ndalama ya chipeleganyu cha amayi a pasitolo, anapita ndi a Kingsford kwa ogulitsa masheya m'tauni mwa Blantyre, natsegula akaunti mwakachetechete. Anadziuza kuti ndalamayo ikakula adzaulula, ndipo Paston adzaseka. Mabanja ambiri agwa ndi mawu akuti "ndidzaulula zikakoma."

A Kingsford sankakhulupirira mphekesera za pa foni. Nthawi ya nkhomaliro ankapita naye ku kalesitilanti ka kuseri kwa sitolo, n'kuyala nyuzipepala patebulo, pa tsamba limene makampani amasindikiza zotsatira za malonda awo.

"Usathamangire nambala yaikulu ya pamwambayi," ankatero akuloza ndi cholembera. "Aliyense amadziwa kutchena pa chithunzi. Tsika pansi. Phindu akuti lakwera, chabwino, koma ndalamayo yalowadi m'thumba, kapena katundu anangotengedwa pa ngongole? Nanga iwowo ali ndi ngongole zingati, za makwacha kapena za madola? Ukatero utenge mtengo wa sheya, ugawe ndi phindu la sheya imodzi, udziwe zaka zimene udikire kuti ndalama yako ibwerere."

Angella anali ndi mutu. Pasanathe chaka ankapeza yekha pamene kampani yabisa chilonda. Anasankha kampani ina yoyenga mafuta ophikira, chifukwa pa kauntala ankaona ndi maso ake kuti zigubu zake sizigona m'sitolo. Ankasangalala, ndipo munthu wosangalala sayang'ana amene akudutsa pa zenera.

Amene anadutsa anali Esther, mchemwali wake wa Paston, wogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe. Esther sanali mfiti, kungoti nkhani inkamuyabwa pakamwa. Anaona mitu iwiri itagundana pa nyuzipepala imodzi, ndipo Loweruka anafika pa malo a ntchito a mlongo wake.

"Achimwene, ine sindikunena kanthu," anatero, "koma alamu masiku ano akonda kuwerenga. Mphunzitsi wake ndi bambo uja anafedwa mkazi. Kaya, mwina ndi sukulu ya kwacha."

Paston sanafunse mkazi wake. Anangoyamba kununkhiza zovala zake, ndi kufunsa chifukwa chimene minibasi yatengera ola lonse kuchoka ku Limbe. Angella anaona kuti m'nyumba mwalowa chinthu, koma sanachidziwe dzina mpaka Lolemba lina madzulo, foni yake italira ili patebulo iye akutsuka mbale. Unali uthenga wa kubanki wonena kuti mu akaunti yake mwalowa ndalama. Linali gawo lake la phindu la kampani ija. Atalowa m'nyumba anapeza foni ili m'manja mwa Paston.

"Wakutumizira ndani?"

"Ndi kampani, amunanga. Khalani pansi ndikufotokozereni."

"Kampani? Wagwirako ntchito yanji?"

"Sindinagwire ntchito. Ndinagula masheya aja. Ndinalakwa kukubisirani, ndikhululukireni."

"Aja ndinakuletsa aja?" Paston anamugwira dzanja mwamphamvu mpaka chibangili chinathyoka. "Chabwino, ndionetse. Atulutse masheyawo ndiwagwire."

Apa m'pamene panavuta. Masiku ano masheya alibe chikalata choti munthu n'kusunga m'sutikesi, zonse zimakhala m'makompyuta. Angella anangotsegula foni n'kumuonetsa mizere ya manambala ndi Chingelezi. Paston anayang'ana, koma sanaonepo kanthu koti n'kukhulupirira.

"Anakuperekeza ndani kokagulako?"

Angella anati, "A Kingsford."

"Ehe! Watchula wekha. Tamvera iwe, ine sindine mwana. Ndalama yobwera munthu ali khale ili mitundu iwiri, yokhwimira ndi ya chibwenzi. Iwe sunakhwime."

"Bambo aja ndi msinkhu wa atate anga!"

"Nkhalamba zomwezo ndi zimene zatha mabanja muno m'tauni. Ndikadzakuonaninso limodzi, mmodzi adzanyamulidwa."

Ananena motsitsa mawu, ndipo kutsitsako n'kumene kunamuopsa Angella kuposa kukuwa. Kuyambira tsiku limenelo mantha anakhala naye ngati mthunzi. Paston anasiya kudya chakudya chake. Anasiya kumuchingamira pa siteji, koma kawiri konse Angella anamuona masana ataima tsidya lina la msewu ku Limbe, ovolosi ili m'thupi, akuyang'ana khomo la sitolo. Chitseko chikagogoda, mtima wa Angella unkadumpha. Analonjeza kuti agulitsa masheya onse, analumbira atagwira Baibulo, koma Paston anangoti, "Ugulitse chinthu chimene kulibe?"

Chinthu chimodzi chokha chikanapulumutsa moyo wa munthu: kuwachenjeza a Kingsford. Angella ankadziwa zimenezi. Anasiya kupita ku lesitilanti, nanamizira kuchuluka kwa makasitomala. Katatu konse anaima pakhomo pa kaofesi kawo kuti awauze, koma ankabwerera atangopereka moni. Pa chilangizo cha ukwati amayi a kumpingo anamuuza kuti za m'nyumba siziululidwa kunja. Komanso angayambe bwanji? Munthu wamkulu, womutchula kuti mwananga, n'kumuyang'ana m'maso n'kunena kuti amuna anga akuti mumagona nane? Manyazi anamumanga lilime. Anadzinamiza kuti akangogulitsa masheyawo n'kuika ndalama m'manja mwa Paston, mkwiyo uzizira, ndipo bambo aja sadzadziwa n'komwe kuti ananyozedwa.

Atawauza kuti akufuna kugulitsa, a Kingsford anagwedeza mutu, natulutsa lipoti la pachaka la kampani ija.

"Nanenso sindikugona nayo," anatero. "Phindu lakwera, koma taona apa, ngongole ya madola yawirikiza. Kwacha ikangoterereka, phindu lonseli lipita. Lachinayi kuli msonkhano wa pachaka wa eni masheya ku hotela m'tauni, ndikawafunsa akuluakuluwo pamaso. Tiye ukamve yankho lawo. Tikatuluka ndikuperekeza ukagulitse, ofesi ija ili pafupi. A Tayub ndawapempha kale."

"Ndikhoza kupita ndekha, bambo."

"Iwe, njira ndi imodzi. Tikwerera limodzi."

Lachinayi m'mawa anakwera minibasi ku Limbe. Angella anakhala pa zenera, maso ali kumbuyo. Pa Chichiri anatsegula pakamwa.

"Bambo, pali nkhani ina."

"Nena, mwananga."

Anawayang'ana. Anali atavala jekete lawo la kutchalitchi, funso lawo atalilemba bwinobwino pa kapepala. Pambali panali amayi awiri otchera khutu, kondakitala atawerama pamwamba pawo.

"Ndidzanena pobwerera," anatero.

Sanadziwe kuti Esther anawaona akukwera, namva a Kingsford akuuza kondakitala hotela imene akupita, ndipo foni inali italira kale ku Chimwankhunda.

Mu holo ya hotelayo munali anthu oposa mazana awiri. Onse analembetsa maina pakhomo. A Kingsford anaimirira nafunsa za ngongole ya madola, mkulu wa kampani anayankha mozungulira, anthu anang'ung'udza, ena anawomba m'manja. Angella sanamve chilichonse. Maso ake anali pa chitseko, ndipo aliyense wolowa ankaoneka ngati wavala ovolosi.

Anatuluka dzuwa lili paliwombo. Pa masitepe a hotela bondo la a Kingsford linagwedera, ndipo Angella anawagwira mkono kuti asagwe. Zimene Paston anaona ali kuseri kwa galimoto zoimikidwa n'zomwezo: mkazi wake akutuluka mu hotela masana, atakolowekana mkono ndi mwamuna. Nsanje sifunsa kuti mu hotela mumachitika zingati. Imadziwa chimodzi chokha.

"Angella!"

Anatembenuka naona Paston, chitsulo chili m'dzanja lake, chidutswa cha paipi ya geti.

"A Paston, ayi! Dikirani, ndi msonkhano! Funsani anthuwa!"

A Kingsford anamwetulira, natambasula dzanja kuti apereke moni, poti ankangomva dzina la mwamuna wa Angella ndipo sankadziwa kuti ali naye pa mlandu.

"Ndinu bambo Zuze? Mkazi wanuyu ali ndi mutu wa..."

Chitsulo chinatera pamutu. Chinateranso kachiwiri asanagwe. Angella anakuwa mpaka mawu anatha, alonda anamugwetsa pansi Paston, anthu otuluka mumsonkhano anamwazikana. A Kingsford anatsirizika m'galimoto asanafike kuchipatala.

Mlandu unazengedwa ku bwalo lalikulu patapita miyezi khumi ndi inayi. Loya wa Paston anati munthuyu anapsa mtima atapeza mkazi wake ndi chibwenzi. Koma boma linabweretsa buku la maina a pamsonkhano, linabweretsa wogulitsa masheya amene anafotokoza za ndalama ija, linabweretsanso a Tayub amene anati chilolezo anapereka okha. Esther anaitanidwa, nalira, nati iye sananene kanthu, anangoti anawaona. Umboni uliwonse ukamaperekedwa, Paston ankanka nafota m'bokosi, mpaka anasiya kudzutsa mutu.

Woweruza anati munthu amene wanyamula chitsulo kuchoka ku Chimwankhunda, n'kukwera nacho minibasi, n'kudikira nacho maola awiri, sanapse mtima mwadzidzidzi, anakonzekera. Anamupeza wolakwa pa mlandu wakupha, namulamula kukakhala kundende zaka makumi atatu. Apolisi akumutulutsa, Paston anayang'ana mkazi wake.

"Ndiye kampaniyo ilikodi?" anafunsa.

Angella anangotembenuka n'kutuluka panja, ndipo pakhonde anakumana ndi mayi wina wovala zakuda amene anakhala kutsogolo masiku onse a mlanduwo. Anali mwana wamkazi wa a Kingsford, namwino wa ku Zomba.

"Sindikukudani, achemwali," anatero mayiyo modekha. "Ndamva zonse, ndinu wosalakwa. Koma mwanena m'khoti kuti amuna anu analonjeza kuti mmodzi adzanyamulidwa. Panapita masiku angati?"

"Masabata atatu."

"Bambo anga munawauza?"

Angella anafuna kunena za ulemu, za manyazi, za amayi awiri a m'minibasi. Zonsezo zinamuthera m'kamwa.

"Ayi," anatero.

Mayiyo anagwedeza mutu, natsika masitepe.

Lamulo linaweruza dzanja limene linanyamula chitsulo, ndipo linaweruza bwino, pakuti nsanje ya Paston ndi imene inapha. Paston anaweruza mkazi wake asanamumve, ndipo adzakalambira m'chipinda cha ndende akudziwa kuti anapha munthu wosalakwa. Koma inu amene mumaphunzitsa ana aakazi kuti za m'nyumba siziululidwa, muziwauzanso kuti mwamuna akayamba kutchula imfa, nkhaniyo yasiya kukhala ya m'nyumba. Angella palibe khoti limene linamuzenga, palibe woweruza anamuwerengera zaka. Anangokhala pansi pakhonde la bwalo lija, nalira bambo amene anapita ku imfa yake atatambasula dzanja la moni.