Chitseko cha 6 kapena 9

"Ndi chathu."

"Ayi, ndi changa."

"Taonani nambala. Ndi 6!"

"Nambala ndikuiona. Ndi 9!"

Dailesi anaima pakati. Uku kunali amayi ake. Uko kunali a Zefaniya, nkhalamba ya nyumba yoyandikana nayo. Pansi panali chitseko cha matabwa, matope okhaokha.

Dailesi ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna chitseko.

Sabata yathayo ku Matandani kunawomba namondwe. Anasasula madenga. Anagoneka chimanga. Anayoyola manachesi. Anatenganso zitseko ziwiri.

Anthu anathandizana. Ena anaponda dothi. Ena anamweta udzu. Ena anafolera. Nyumba zinaimanso.

Koma khomo la kwa a Dailesi linali yasa! Mphepo ya kumapiri inkalowa. Kalisto, kamlongo kake, ankatsokomola. Abambo anali kutali, kumigodi ya ku Joni.

Chaka chathacho kunabwera anthu a kalembera. Analemba manambala pazitseko ndi penti. Kwa a Dailesi analemba 6. Kwa a Zefaniya analemba 9.

Tsopano chitseko chimodzi chinapezeka kudambo. Chinacho chinapita ndi madzi.

Dailesi anaima kumene kunali amayi. Anaona 6. Anazungulira. Anaima kumene kunali a Zefaniya. Anaona 9.

"Nonse mukunena zoona," anatero Dailesi.

"Iwe, usatiseweretse," anatero amayi. "Kodi chitseko chimakhala ndi eni awiri?"

Dailesi anathamanga kukatunga madzi. Anatsuka chitseko. Anatsuka, anatsuka. Matope onse anachoka.

Mbali imodzi inali yosalala. Mbali ina inali yokandikakandika. Panali mizere yambiri ya zikhadabo.

Dailesi anayang'ana Ndamva, galu wa a Zefaniya. Ndamva akafuna kulowa amakanda chitseko. Galu sakanda kumwamba. Galu amakanda kumunsi. Ndipo kwa a Dailesi kunalibe galu.

Mtima wa Dailesi unati phaa! Anaganiza za mphepo. Anaganiza za Kalisto. Palibe wina amene anaona mizereyo. Akanatha kungokhala chete.

Koma Dailesi analoza mizere ija.

"Tiyeni tichiimike," anatero. "Kokandikaku kukhale pansi. Wakanda ndi Ndamva."

Anachiimika. Nambala inaoneka bwinobwino. Inali 9.

Ndamva anafika. Ananunkhiza. Anakanda kawiri, n'kupukusa mchira.

Amayi anagwira pakamwa.

"Pepani, agogo," anatero. "Ndi chanu. Mboni yanu ndi imeneyi."

Dailesi anawerama. Msozi unagwera pachala chakuphazi.

A Zefaniya anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Zikomo, mdzukulu wanga," anatero. "Koma ine ndili ndi bulangete. Ndili ndi Ndamva wondifunditsa mapazi. Chitseko chiyambe chachezera kwanu."

"Eti agogo, chitseko chimacheza?"

"Ichi chimacheza. Suja chinapita chokha kudambo?"

Tsiku lomwelo anachikhoma pakhomo la kwa a Dailesi. Mphepo inafika. Inagogoda. Inabwerera.

M'mawa mwake a Zefaniya anadula nsungwi. Anazing'amba. Anayamba kuluka. Dailesi ankawapatsira luzi. Analuka Lachiwiri. Analuka Lachitatu. Ndamva ankangokanda chitseko chija kwa a Dailesi, kufuna kulowa.

Lachinayi Kalisto anasiya kutsokomola. Lachinayi lomwelo chitseko chatsopano chinatha. Chinali chothina, chopanda polowera mphepo.

"Zikomo, agogo," anatero amayi, atagwada.

"Zikomo, agogo," anatero Dailesi.

Kalisto anangowomba m'manja.

"Dikirani," anatero a Zefaniya. "Chasowa nambala. A kalembera angatifunse."

Chitseko chinali chigonere pansi. A Zefaniya anatola khala. Analemba 6 wamkulu, wonenepa.

Kenaka anachotsa cha matabwa chija. Anadzutsa chatsopano. Anachimanga zolimba, mfundo pamwamba pa mfundo. Anasasa m'manja.

Onse anabwerera m'mbuyo kuti aone bwino.

Amayi anayang'ana kumwamba. A Zefaniya anakanda m'mutu. Ndamva anayasamula.

Dailesi anapendeketsa mutu uku. Anaupendeketsa uko.

"Agogo, kodi imeneyi si 9?"