Chidindo Chinasowa Masiku Atatu

M'nyumba mwathu munkanunkhira sopo. Ngakhale buledi wa m'mawa ankamveka kasopo pang'ono, chifukwa bambo a ana anga ankamunyema ndi manja amene anagwira makina odula sopo kwa zaka makumi atatu. Sitinali olemera. Koma lendi sitinkachedwa nayo, ana ankapita kusukulu atavala nsapato, ndipo tisanadye tinkapemphera, ngakhale pemphero la bambowo linkatalika mpaka tiyi kuzizira.

Makina awo kufakitale ankawatcha Nkhalamba. Anali akale kuposa onse, okonda kuima popanda chifukwa. Bambo anali ndi kope lachikuto chakuda, ndipo chilichonse chimene Nkhalamba yachita ankalemba. Ikalira chonchi, manga bawuti yakumanzere. Kukazizira, iyendetse kaye mphindi zisanu yopanda sopo. Kopelo linkapachikidwa ndi chingwe pamsomali, pambali pa makinawo.

Atapuma pantchito, mwana wathu wamwamuna ndiye analowa pamalo pawo. Mwezi woyamba anabwera ndi kapepala ka malipiro atakwinya nkhope.

"Ababa, andidula. Akuti penshoni. Ine wa zaka makumi awiri, za ukalamba zikundikhudza pati?"

"Tiyi ukumwayo wagulidwa ndi chiyani?" anafunsa bambo ake. "Ine ndikugwiranso ntchito kodi? Iwe ukuponyamo pang'ono, kampani ikuwonjezerapo. Ndalama imeneyo si yako. Ndi ya mkulu wina wa imvi amene sunakumane naye. Usamubere."

Tonse tinaseka, naye anaseka. Bambo anatisiya patapita zaka zinayi, ndipo mpaka lero chimene chimandigulira mankhwala a miyendo ndi penshoni yawo yomweyo.

Mwana wanga anakwatira mtsikana wofatsa, nabwera naye m'nyumba momwemu. Anatipatsa mdzukulu wamkazi. Zaka zisanu ndi zinayi zinatha ali pa Nkhalamba, ndipo kapitawo ankamuyamikira pamaso panga kutchalitchi.

Zinayamba ndi foni. Patebulo maso anali pafoni, poyenda maso pafoni. Tsiku lina mdzukulu wanga anamubweretsera chithunzi chimene anajambula kusukulu, iye anangoti "eya, eya" osayang'ana. Mwanayo anapinda pepala lake bwinobwino n'kukaliika pansi pa pilo wanga.

Mpongozi wanga ndiye anandiuza tikuyanika zovala.

"Amayi, malipiro atha pa faifi. Akubetcha mpira."

Ine sindine munthu wokweza mawu. Ndinadikira adye, kenaka ndinakhala naye pansi.

"Mwanawe, juga ndi juga, ngakhale itavala foni. Leka."

"Amayi, izi ndi za masamu. Sabata yatha ndinatsala ndi timu imodzi yokha."

"Timu imodziyo ikugulira mwana nsapato?"

Anaimirira, n'kutuluka.

Lamulungu lotsatira, titabwera kutchalitchi, anabwera ndi mlendo. Aliyense wa kufakitale amamudziwa: amamutcha Tayi, chifukwa savula tayi ngakhale kutenthe bwanji. Sagwira ntchito pena paliponse. Amakhala pabenchi moyang'anana ndi geti, chikwama cha mafomu pamiyendo, makamaka masiku olandira. Analowa n'kukhala pampando wa malemu, umene ngakhale mwana wanga sankakhalapo.

"Amayi, munabereka injiniya," anatero uku akupaka buledi majarini. "Koma injiniya wanu akuyenda wapansi pamene ndalama zake zikugona tulo mu ofesi. Masiku ano anthu akufa ndi zaka makumi anayi. Penshoni idzam'tsatira kumanda?"

"Ndiye atani?" ndinafunsa.

"N'zosavuta. Thumba la penshoni lija satsegulira munthu amene ali pantchito. Alembe kalata yosiya ntchito, atenge zake. Mafomu ndikonza ine. Nkhalamba ija imamvera iye yekha. Sabata ziwiri sizitha, kapitawo abwera pakhomo pano chogwada. Ntchito ibwerera, ndalama zili m'thumba. Wataya chiyani?"

"Inu bambo, yanu penshoni munatenga?"

"Kalekale, mayi. Ine sindigona."

"Nanga pano mukudya chiyani?"

Anaseka, n'kutenga buledi wachitatu.

Atachoka, mwana wanga anandizazira kukhitchini mkazi wake akumva.

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa mlendo. Ndalama ndi zanga, ndinazikhetsera thukuta ndine. Ababa anadikira zaka makumi atatu, anadya zingati? Zinayi. Ine sindine chitsiru."

Ndinali nditagwira kapu ya bambo ake, ndipo ndinaopa kuti ndiiswa.

Lachiwiri masana foni yanga inalira. Anali mayi wa ku ofesi ya malipiro, kalaliki amene anakonza mapepala a bambo nthawi yawo yopuma. Anati ndibwere ngati miyendo ingalole. Nditafika, mlonda wa pageti anandiona ndikutsimphina, anadzuka pampando wake n'kundipatsa, iye n'kuima padzuwa mpaka anandiitana.

Mayi kalaliki anatseka chitseko, n'kuika kalata ya mwana wanga patebulo.

"Kalata yosiya ntchito imayamba kugwira ikadindidwa," anatero. "Ndamuuza kuti chidindo chasowa."

Anatsegula dilowa pang'ono. Chidindo chinali mommo, pansi pa kontena ya chakudya chake.

"Mverani, amayi. Pano munthu akakwanitsa zaka khumi, gawo limene kampani yakhala ikuwonjezera limakhala lake. Iyeyu kwamutsalira miyezi isanu ndi itatu. Akachoka lero atenga zimene anaponya yekha basi, msonkho n'kudulaponso. Ndipo wosiya yekha ntchito sitimulembanso. Ndamuuza zonsezi, akuti ndikumuopseza. Ndingabise mpaka Lachisanu. Kupitirira apo andigwira."

Masiku atatu amenewo ndinayesa zonse. Ndinamuwerengera papepala ngati mwana wa sukulu. Mpongozi wanga analira. Ndinaitana abusa, iye anatulukira khomo lakuseri. Lachinayi ndinamugwadira, ine mayi wake, ndi mawondo anga otupawa.

"Dikira miyezi isanu ndi itatu yokha. Ukafuna kudzipha, udziphe itakwana."

"Dzukani, amayi, mukudetsa chitenje. Mzimayi wa ku ofesi uja akufuna kudya ndalama zanga ndi mabwana ake. Inu mukumuthandiza."

Lachisanu ndinamutsatira kufakitale. Kunkagwa mvula. Ndinakhala pabenchi la m'khonde la ofesi, ndipo ndinamva zonse. Anamenya tebulo. Anamutcha mayi uja wakuba, anthu a maofesi ena n'kutuluka kudzaonerera. Kenaka anapita kwa bwana wamkulu. Bwana anabwera yekha, anatsegula dilowa, anachotsa kontena ija. Mayi kalaliki analandira kalata ya chenjezo tsiku lomwelo, yoyamba m'zaka zake zonse za ntchito.

Mayiyo anadinda kalata ija. Atatha, anatenga pepala la mwana wanga, analiika mu envulopu, envulopuyo n'kuikulunga m'pulasitiki kuti isanyowe.

"Uyende bwino, mwanangu," anatero.

Mwana wanga analanda osathokoza. Kunja Tayi ankamudikira ndi ambulera.

Ndalama zinatuluka patatha sabata zisanu ndi imodzi, zochepa monga mmene mayi uja ananenera. Tayi anatengapo gawo lake la mafomu. Panabwera foni yatsopano, nsapato zosongoka, ndi anzake amene sindinawaonepo, odzam'tenga masana n'kum'bweza akununkha mowa. Ine anandigulira ketulo yamagetsi. Ili m'katoni mpaka lero. Zotsalazo anati azichulukitsa kuti abweze zonse zimene mpira unamudyera. Miyezi iwiri isanathe, zonse zinali zitapita. Nthawi zonse inkatsala timu imodzi.

Ndiye anayamba kudikira kapitawo. Foni ankaiika pakati pa tebulo, ikalira n'kuilumphira. Munthu akagogoda ankathamangira kuvala malaya. Sabata zinapita. Tsiku lina m'mawa anapita yekha kukaima kuseri kwa mpanda wa fakitale, ndipo anabwerako nkhope itagwa.

"Ikuyenda," anatero. "Ndaimva. Nkhalamba ikuyenda."

Loweruka kunabwera mlendo wina, mayi wa msinkhu wapakati, wamasiye, amene zaka khumi ndi zisanu ankaima kumapeto kwa makinawo kulongedza sopo m'makatoni. Anakana mpando, anakhala pamkeka pafupi nane. M'chikwama anatulutsa zidutswa za sopo zimene amawagawira kuntchito, nandipatsa. Kenaka anatulutsa kope lachikuto chakuda.

"Ndakopera zonse m'langa, amayi. Ili ndi dzanja la malemu, ndinati likhale kwa eni ake."

Mwana wanga anatuluka kuchipinda.

"Ndinu eti? Mwaba nzeru za ababa anga, mwandilanda ntchito."

"Achimwene, kopeli linali pamsomali," anayankha mayiyo osakweza mawu. "Inu mukapita kukadya ndi foni yanu, ine ndinkawerenga. Makina ataima tsiku lachiwiri, kapitawo anafunsa ngati pali wodziwa. Ndinakweza mkono. Ndili ndi ana atatu."

"Wolongedza makatoni ayendetse Nkhalamba? Mudzaithyola."

Apo ndiye mtima wanga unasefukira. Anthu a nyumba yoyandikana nafe anati anali asanamvepo mawu anga kudutsa khoma mpaka tsiku limenelo.

"Khala chete. Khala chete, ukhale pansi. Wakulanda ndani? Unalemba kalata ndi dzanja lako. Mayi kalaliki uja anaika ntchito yake pachiswe kuti akupatse masiku atatu, iwe unamutcha wakuba. Mkazi wako akuchapira anthu zovala. Mwana wako wasiya kukujambulira. Wakuba m'nyumba muno ndi mmodzi, ndipo ndinamubereka ndine. Tsegula kopelo. Tsamba loyamba. Werenga mokweza."

Anatsegula. Anali ataligwira kopelo zaka zisanu ndi zinayi, koma ankangothamangira masamba a mabawuti. Pamwamba penipeni bambo ake analemba ndi bolopeni yofiira: Ndalemba izi kuti tsiku limene sindidzabwera, makina asaime.

"Bambo ako, amene anaidziwa Nkhalamba kuposa mmene ankandidziwira ine, sanaganizepo kuti popanda iwo fakitale igwa. Iwe unaziona kuti?"

Mlendo uja anatsanzika mwakachetechete. Madzulo ake mpongozi wanga anamuikira mwamuna wake mbale yake monga mwa masiku onse, n'kumusankhira ndiwo zabwino. Ine sindikanatero tsiku limenelo, ndikuvomera.

Lolemba anagulitsa foni ija, nagula kakang'ono kongoimbira. Anandipempha ndimuperekeze ku ofesi ya malipiro. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja, napepesa anthu onse aja akumva. Mayi kalaliki anangogwedeza mutu.

"Ntchito yako sindingakubwezere. Koma pageti amafuna anthu a ganyu okweza makatoni m'malole. Ufike sikisi isanakwane. Ndimuuza mlonda."

Ndi kumene ali lero. Amaima pamzere ndi anthu ena, tsiku lina amatengedwa, tsiku lina ayi. Amasenza sopo wodulidwa ndi makina a bambo ake, akuwamva kuseri kwa khoma. Tayi akadali pabenchi lake. Akamuona mwana wanga amayang'ana kumbali, chifukwa ali ndi ena oti awalembere mafomu. Ndikadutsa pamenepo ndimapemphera kuti Mulungu andigwire lilime.

Tsiku loyamba la ganyu anabwera ndi ndalama za tsikulo m'manja, opanda kapepala. Anaziika patebulo pamaso panga, n'kukhala nthawi yaitali akuziyang'ana.

"Amayi, sanandidule kalikonse," anatero. Kenaka anabisa nkhope m'manja.

Inu achinyamata amene mwayamba ntchito, ndikulankhula nanu monga mayi amene mkwiyo wake sunathebe. Juga idzakudyerani malipiro, ikatha idzakulozerani penshoni. Munthu wokuuzani kuti ndalama zanu zikugona, mufunseni kumene zake zinadzukira. Musadzinamize kuti pantchito sangathe popanda inu. Ndipo wina akakuchedwetsani pamene mukuthamangira kuphompho, musamutukwane. Mwana wanga ali ndi zaka makumi atatu. Mkulu wa imvi uja akubwera, ndipo adzapeza kuti anamubera kale.