Mawu Obisika Atulukira Pakhoma

Holo ya sukulu inali itadzaza ndi makolo pamene Nambala Wani anadina batani pa kompyuta. Anayembekezera kuti pakhoma paoneka tsamba lokongola lokhala ndi chizindikiro cha sukulu. M'malo mwake panangoti mbwee mizere ya zilembo zakuda, ngati nyerere zoti wina waponda chisa chake.

Dzina lakuti Nambala Wani anamupatsa ndi anzake, poti chilowere sekondale mtsikanayu palibe anamuposapo pa mayeso. Teremu imeneyo aphunzitsi a kompyuta anamupatsa ntchito yoti agwire limodzi ndi msuweni wake, mwana wa amalume ake, mnyamata wofatsa wachibwibwi. Anayenera kupanga tsamba loti kholo likalemba nambala ya mwana wake, liziona zotsatira za mayeso.

"Mumvetsetse apa," anatero aphunzitsiwo tsiku loyamba. "Seva ndi pulogalamu yotumiza masamba kwa amene akuwafuna. Koma payokha siimva PHP, chilankhulo chimene inu mukulembera. Pamafunika kuilumikiza ndi womasulira. Popanda iyeyo, seva imangotenga zimene mwalemba n'kuzikhuthula pamaso pa anthu momwe zililimo."

Msuweni uja anafufuza, mawa lake n'kubwera ndi fulashi, kachipangizo kosungiramo mafayilo a kompyuta, m'manja.

"Pa-pali paketi yokonzakonza kale," anatero. "Ndatsitsa. Ti-timangoiika, basi zalumikizana."

"Zophikaphika n'za aulesi," anayankha Nambala Wani osacheuka n'komwe. "Ine ndimanga ndekha kuchokera pansi, anthu adziwe kuti pano pali mutu."

Anavutika nazo milungu iwiri, mpaka zinathekadi pa kompyuta ya m'kalasi. Koma m'mawa wa tsiku la makolo anauzidwa kuti agwiritse ntchito kompyuta ya m'holo, yolumikizidwa ku makina oonetsa zinthu pakhoma. Anasamutsa mafayilo mothamanga, osayesa n'komwe. Womasulira wake uja anatsala m'kalasi.

Tsopano zonse zimene analemba zinali pakhoma. Apa m'pamene anakumbukira kuti pakati pa mizereyo panali ndemanga, timawu timene wolemba pulogalamu amadzisiyira kuti adzakumbukire ntchito ya gawo lililonse. Kompyuta imangotidumpha, ndipo ogwiritsa ntchito tsamba satiwona. Iye anali atasandutsa timawuto malo otayirako zakukhosi.

Pamzere wachiwiri wa mipando panakhala amalume ake. Iwo ntchito yawo inali yowotcherera zitsulo, ndipo tsikulo anatseka shopu n'kuvala jekete imene amavala ku maukwati okha. Maso awo anali ofooka ndi moto wa ntchito, choncho anaimirira n'kusendera kutsogolo. Ankaganiza kuti chionetsero chayamba.

"Eee, taonani, mnyamata wa ine uja wamulemba pamenepo!" anauza mayi amene anakhala pambali pawo. Kenako anayamba kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, akumwetulira. "Gawo ili walemba msuweni wanga. Ndakonzanso ndine, poti mutu wake umachita chibwibwi ngati pakamwa pake..."

Mawu awo anathera panjira. Kumbuyo ana ena anaseka, wina n'kuwatsitsa ndi "shii!" Amalume anabwerera pampando wawo n'kuika chipewa pamaondo.

Nambala Wani anafuna kutseka tsambalo, koma anachita phuma. M'malo motseka, analitsitsa, ndipo panatulukanso ndemanga ina: "Asanamalize kutchula dzina lake, ine ndamaliza pulogalamu yonse." Anafuna nthaka itang'ambika kuti alowemo. Anaona mayi ake ataphimba nkhope ndi chikhatho, aphunzitsi akuthamangira kukazimitsa makina aja.

"A-ayi aphunzitsi, musazimitse," anatero msuweni uja.

Ananyamuka pamene anakhala, n'kutulutsa fulashi ija m'thumba la malaya. Sanamuyang'ane Nambala Wani. Anangoima pambali pake mpaka mtsikanayo anamusiyira mpando. Anatsegula kawindo kakuda kolamulirapo kompyuta, n'kulemba mzere umodzi woikira paketi ija. Kompyuta inayenda kwa mphindi ngati imodzi. Analembanso mzere wina wozimitsa seva n'kuiyatsanso, kenako anatsegulanso tsambalo.

Zilembo zakuda zija zinazimiririka. Panaoneka chizindikiro cha sukulu ndi kabokosi kolembamo nambala. Bambo wina anatchula nambala ya mwana wake, zotsatira n'kutuluka nthawi yomweyo. Holo yonse inawomba m'manja. Aphunzitsi atapempha kuti wina afotokoze mmene tsambalo limagwirira ntchito, Nambala Wani anangoti zyoli. Anafotokoza ndi msuweni wake, akukakamira pa mawu ena, koma palibe anasekanso.

Madzulo kunyumba mayi ake sanamukalipire. Anangomufunsa kuti, "Kodi mchimwene wanga uja, amene anakunyamula kumsana kupita nawe kuchipatala uli ndi zaka zitatu, wamulipira zimenezi?"

Loweruka m'mawa anapita ku shopu ya amalume. Anawapeza akuwotcherera geti, msuweni wake atagwirizira chitsulo. Anadikira moto uzime, kenako anagwada pafumbi lakuda la pakhomopo.

"Amalume, ndinalakwa. Ndikhululukireni."

Amalume anakweza chigoba chotchinga kumaso n'kumuyang'ana.

"Chisuweni timachidziwa, mwanawe," anatero. "Asuweni amanyozana maso ndi maso, onse n'kuseka. Koma iwe unakabisa kumalo koti mnzako asayankhe. Komanso ukupepesa kwa ine bwanji? Pakhoma paja panalembedwa dzina langa?"

Anatsitsanso chigoba chija n'kulowa m'kati.

Nambala Wani anatembenukira kwa msuweni wake. "Pepa. Sindinkafuna kuti uziwone."

"Ndi-ndinaziwona kale," anatero mnyamatayo, akupukuta manja pa ovolosi. "Sabata yoyamba yomwe ija. Mafayilowo ti-tinkagwiritsa ntchito tonse."

Mtsikanayo anafunsa kuti, "Ndiye bwanji sunanene? Bwanji sunazifufute?"

"Wolemba ndi amene a-amafufuta. Ndinkadikira."

Misozi imene mtsikanayo anaigwira kuyambira m'holo muja inayamba kutsika. Anatulutsa laputopu ya mayi ake m'chikwama, n'kuiika pa diramu lakale. Ndemangazo zinalipo zisanu ndi ziwiri. Anazifufuta imodziimodzi, msuweni wake akuyang'ana.

"Teremu yamawa kuli mpikisano wa masukulu," anatero atamaliza, mawu ali pansipansi. "Tidzapanga limodzi?"

Mnyamatayo anapukusa mutu. "Nda-ndauza kale aphunzitsi kuti andipatse mnzanga wina."

Nambala Wani anatseka laputopuyo pang'onopang'ono n'kuibweza m'chikwama.

"Chabwino," anatero. "Ndamva."

M'kati mwa shopu amalume anaitana kuti getilo alitembenuze. Linali lolemera moti munthu mmodzi sakanalitha. Msuweni uja anagwira mbali imodzi n'kudikira. Mtsikanayo anaika chikwama pansi, n'kupita kukagwira mbali inayo.