Mafiti Asanu ndi Awiri

Fiskani akaweruka kojambula, ankapotokola mphete ya lenzi mpaka kumapeto, n'kuika kamera pashelefu kuchipinda. Kamerayo inali yamakono, yosunga zithunzi pakhadi, koma yopanda nzeru zakezake. Ukasuzumira pakazenera kake umaona munthu ali pawiri, ndiye umapotokola mpheteyo mpaka awiriwo akhale mmodzi. Popanda chala cha munthu sinkachita kanthu. N'chifukwa chake Lolemba m'mawa, atapeza mphete itaima pa nambala yosonyeza mtunda wa mafiti asanu ndi awiri, mtima unamugunda.

Lenziyo inali ya malemu a Peterson a ku Bandawe, amene anamuphunzitsa ntchitoyi. Tsiku la maliro awo, achibale asanakhale pansi kugawa katundu, Fiskani anaiona pawindo, yakale, yamkuwa, dzanja n'kumuyabwa. Ngakhale mwana pa Chintheche amadziwa kuti cha malemu sachikhudza akuluakulu asanalankhule, koma mkuluyu anaitenga, n'kudzinamiza kuti akuipulumutsa kwa ana osewera.

Usiku wa Lolembalo anadzidzimuka ndi kaphokoso kamene ankakadziwa bwino: tche! Kenako zii, kungomveka mafunde chapatali ndi kupuma kwa mkazi wake, Mercy. Kutacha anapeza pakhadi chithunzi chimene iye sanajambule. Chinali chakuda bii, koma atachiwalitsa panatuluka nkhope ya Mercy ali m'tulo, yooneka bwino mpaka nsidze. Anayeza ndi tepi kuchokera pashelefu kufika pamene Mercy amagona. Anali mafiti asanu ndi awiri ndendende.

Tsiku lomwelo Mercy anayamba kunjenjemera. Kuchipatala malungo sanawapeze, komabe pofika Lachinayi ngakhale phala linkamukana. Amayi obwera kudzamuzonda ankanong'onezana pakhonde kuti a Peterson, pojambula maliro, ankaima malo amodzimodzi nthawi zonse, osayandikira bokosi, osatalikira. Fiskani sanafunse kuti patali bwanji, poti ankadziwa kale: anali atawanyamulira chikwama zaka zisanu. Anamasula lenzi, naikulunga m'chitenje, n'kuitsekera m'sutikesi. M'mawa anaipeza ili pakamera, pashelefu, ndipo pakhadi panali zithunzi zinayi.

Mantha anamugwira osati pang'ono. Anasuzumira pakazenera kaja, analoza mkazi wake, napotokola mphete uku ndi uko. A Mercy awiriwo anakana kukhala mmodzi, ndipo wachiwiriyo anali atatsinzina.

"Abambo, mukundijambuliranji ndili chonchi?" Mercy anafunsa motsitsa mawu.

"Ndikungoyesa lenzi, gonani," anayankha.

Loweruka anakwera minibasi kupita ku Bandawe. Anapeza a Nyachirwa, mkazi wa malemu, akuyanika chinangwa pathandala. Anagwada, naulula zonse, n'kutambasula manja onse awiri kupereka lenziyo. Mayiwo sanailandire, anangobisa manja m'chitenje.

"Ada Fiskani, mwachedwa. Katundu tinagawa sabata yatha. Malemu anali atanena kale kuti iyi ndi yanu, ndipo akuluakulu anaitchula dzina lanu. Mukanadikira, bwenzi titaitsuka pamodzi ndi zinazo, n'kukupatsani pamaso pa anthu."

"Ndiye muitsuke panopa, ama, chonde! Mkazi wanga akutha."

"Mwambo unatsekedwa, mwanangu. Munaitenga isanauzidwe kuti mwini wake wapita. Ikugwirabe ntchito yake yakale."

Pobwerera anaganiza zoiponya m'nyanja, koma anakumbukira sutikesi ija, nadziwa kuti akangovutitsa mkono. Anafika kunyumba, naika kamera pashelefu monga mwa masiku onse. Nthawi yogona itakwana anamunyamula Mercy, amene tsopano ankapepuka ngati mtolo wa udzu, n'kumugoneka cha kukhoma.

"Bwanji mwandisintha malo? Si inu mumakonda kukhomaku?"

"Kuno kukupita mphepo, ingakuwonjezereni matenda."

Anagona pamalo pa mkazi wake, nkhope italoza kushelefu, maso ali tong'o mumdima. Anaopa kwambiri, koma sanasunthe. Patapita nthawi anamva mphete ikuyenda pang'onopang'ono, ngati munthu woleza mtima akufuna kuti chithunzi chituluke bwino. Tche!

Kutacha Mercy anadzuka yekha, nanena kuti njala yamupha, akufuna kondowole wa usipa. Atatembenuka kuti amudzutse mwamuna wake, anapeza akunjenjemera, atafunda mabulangete onse awiri.

"Abambo, mwatani?"

"Palibe," anatero Fiskani, akuyesa kumwetulira. "Pitani mukadye."