Mbale ya Apongozi

Banja la Lukiya ndi Uladi linkasiririka ku Liwonde. Mwamuna ankagulitsa zitsulo za njinga ku Balaka, mkazi ankapima matenda mu labu ya chipatala china. Lukiya ankabzala tizilombo ta m'matumbo m'timbale, n'kuikapo timapepala tonyowetsedwa ndi mankhwala osiyanasiyana. M'mawa mwake ankayeza ndi lula. Tizilombo tikamera mpaka kukhudza kapepala, ndiye kuti tikutulutsa madzi oswa mankhwalawo, wodwala afunika ena.

Kenako mayi ake a Uladi, a Fadila, anadwala m'mimba ku Ngokwe. Mankhwala atatu analephera, ndipo Lukiya anapempha chimbudzi chawo kuti apime.

"Mwana wanga asamve zimenezi," anatero apongoziwo, nkhope ili pansi. "Wallahi, manyazi angandiphe."

Lukiya analumbira. Festus, namwino wa ku Ngokwe, ndiye anabweretsa chimbudzicho m'kabotolo mobisa. Festus akaimba foni, Lukiya ankakayankhira panja. Anyamata a kabaza anawaona awiriwo akunong'onezana, ndipo pakamwa pa akabaza palibe chitseko.

"Festus ndi ndani wako?" Uladi anakalipa.

"Ndi za ntchito, bambo."

"Ntchito yanji yobisira mwamuna wako? Nena!"

"Iyayi, sindingathe. Ingodikirani mawa."

Mtima unamuwawa Lukiya, koma lumbiro linamutseka pakamwa. Kalanga, nsanje sidziwa mawa!

Kutacha, Uladi anapeza Lukiya ndi Festus mu labu ataweramira mbale imodzi, mitu itatsala pang'ono kugundana. Sanafunse. Anamenya Festus ndi sipanala m'mutu, ndipo Festus anafera pomwepo. Mbale inagwa, n'kupondedwa Lukiya asanayeze. Kupima kwina kunkafuna masiku atatu. A Fadila anamwalira patangotha awiri.

M'khoti Lukiya sanayang'ane woweruza, anayang'ana mwamuna wake.

"Pa mbale munaponda ija panali dzina la mayi anu," anatero akulira. "Tinkafunafuna mankhwala oti awapulumutse."

Uladi anagwira chitsulo cha m'bokosi la oimbidwa mlandu. Zaka makumi awiri zimene anam'gamula sanazimve n'komwe.

Munthu wansanje amaona mitu iwiri itayandikana, koma safunsa chimene yaweramira. Lero Uladi ali m'ndende, ndipo manda a mayi ake sakuwadziwa.